Nyumba zamakono ku Bulawayo: Kodi mphamvu yozimitsa ili m'manja mwa yani?

BULAWAYO – M'nyumba zambiri za ku Thorngrove, dera lakale lomwe lili chakumadzulo kwa pakati pa mzinda wa Bulawayo, muli kabokosi ka pulasitiki kokhala ndi mabatani a manambala ndi kagalasi koonetsa mayunitsi a magetsi amene atsala. Mayunitsiwo akatha, nyumba yonse imachita mdima, popanda kalata yochenjeza kapena wantchito wa kampani ya magetsi wobwera ndi makwerero kudzadula waya. Magetsi amayakanso pokhapokha wina m'banjamo akagula manambala 20 ndi kuwalowetsa m'kabokosiko.

Makampani a ku America, Ulaya ndi Asia akamatsatsa "nyumba zanzeru", zomwe zitseko, nyale ndi makamera ake amalamulidwa pa foni ya m'manja, anthu ambiri kum'mwera kwa Africa amaona ngati nkhaniyi ndi ya kutali. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Zipangizo zodziyatsa ndi kudzizimitsa zokha zinalowa kale m'nyumba za ku Bulawayo, Blantyre, Chipata ndi Tete, ndipo ntchito yake yaikulu kuno ndi kutolera ndalama za magetsi, ngongole ndi madzi. Motero funso lofunika pa malondawa ndi lakuti: ndani ali ndi mphamvu yozimitsa, ndipo ayenera kutsata malamulo otani asanaigwiritse ntchito?

Momwe makampani akunja amapezera phindu

M'maiko olemera, malonda a zipangizo za m'nyumba zolumikizidwa ku intaneti amayenda m'njira zitatu. Yoyamba ndi kugulitsa chipangizocho kamodzi. Yachiwiri ndi kuchigulitsa motchipa kenaka n'kumalipiritsa mwezi ndi mwezi. Yachitatu ndi kusonkhanitsa mbiri ya zochitika za m'nyumba, monga nthawi imene anthu amadzuka, amatuluka ndi kubwerako, yomwe imathandiza kampani kugulitsa katundu wina.

Njira ziwiri zomalizazi ndi zimene zinakopa makampani akuluakulu. Mu Januwale 2014 kampani ya Google inalengeza kuti ikugula Nest, yopanga tizipangizo toyang'anira kutentha ndi kuzizira kwa m'nyumba, pa mtengo wa madola a ku America 3.2 biliyoni. M'chaka cha 2018 Amazon inagula Ring, yopanga mabelu a pakhomo okhala ndi kamera, pa mtengo wa pafupifupi madola 1 biliyoni. Wogula belu la Ring amatha kuona pa foni yake munthu amene waima pakhomo, koma kuti zithunzizo zisungidwe ayenera kulipira mwezi uliwonse.

Kuopsa kwa malonda otere kunaonekera mu Meyi 2016, pamene Nest inatseka makompyuta amene ankayendetsa chipangizo chotchedwa Revolv. Anthu amene anachigula pa mtengo wa pafupifupi madola 300 anatsala ndi kabokosi kopanda ntchito. Apa ogula anazindikira kuti chipangizo chodalira makompyuta a kampani sichikhala chako kwathunthu, ngakhale utachilipira ndalama zonse.

Mafuwa atatu osowa

Malonda a mtunduwu ali ngati mphika wokhala pa mafuwa atatu: magetsi osazimazima, intaneti yotsika mtengo ndi ndalama yosagwa mphamvu. Ku Bulawayo, mzinda wa anthu oposa 665,000 malinga ndi kalembera wa 2022, mafuwa onse atatu akhala akugwedera.

M'chaka cha 2019 madzi atachepa m'damu la Kariba, madera ambiri m'Zimbabwe ankakhala opanda magetsi mpaka maola 18 pa tsiku. Mu Novembala 2022 bungwe la Zambezi River Authority linauza kampani yopanga magetsi ya dzikolo kuti yamaliza madzi amene inapatsidwa a chakacho. Makina awiri atsopano a pa siteshoni ya malasha ya Hwange anawonjezera mamegawati 600 m'chaka cha 2023, koma chilala cha 2024 chinabwezeretsa mdima m'Zimbabwe ndi m'Zambia momwe.

Nkhani ya ndalama ndiye yovuta kwambiri. Dziko la Zimbabwe linasiya dola yake m'chaka cha 2009, linaletsa ndalama zakunja pa malonda a m'dzikomo mu Juni 2019, linaziloleranso m'chaka cha 2020, kenaka linakhazikitsa ndalama ya ZiG mu Epulo 2024, yomwe inachepetsedwa mphamvu ndi maperesenti oposa 40 mu Sepitembala chaka chomwecho. Mgwirizano woti munthu azilipira mwezi ndi mwezi kwa zaka zingapo umavuta kulemba ngati wogulitsa ndi wogula sakudziwa kuti chaka chamawa adzawerengera m'ndalama iti.

Makampani a m'dzikomo anayesapo njira yakunjayi. M'chaka cha 2015 kampani ya mafoni ya Econet Wireless inayambitsa ConnectedHome, zipangizo za chitetezo cha panyumba zotumiza uthenga ku foni ya mwini nyumba. Malonda otere amakopa mabanja opata bwino. Kwa banja limene likuwerengera ndalama ya ufa, lendi ndi fizi ya ana, bilu inanso ya pamwezi yolipirira alamu imakhala kumapeto kwa mndandanda.

Mita yolipiriratu

Chipangizo chimene chinafalikira m'madera onse, olemera ndi osauka omwe, ndi mita ya magetsi yolipiriratu. Kampani ya boma yogawa magetsi ya ZETDC, yomwe ili pansi pa ZESA, inayamba kuika mamitawa m'nyumba zambirimbiri m'chaka cha 2012. Chifukwa chake chinali ngongole. Anthu ankagwiritsa ntchito magetsi kaye n'kumalipira pambuyo, mabilu ambiri anali ongoyerekeza chifukwa owerenga mamita sankafika nyumba zonse, ndipo ndalama zochuluka zinkatsalira kwa ogula, kuphatikizapo nthambi za boma zimene.

Mita yolipiriratu inatembenuza zinthu. Kampani imalandira ndalama isanapereke magetsi, sifunanso owerenga mamita ambiri, ndipo sikanganso ndi munthu pakhomo pomudulira waya. Amene anali ndi ngongole yakale ankadulidwa gawo lina la ndalama nthawi iliyonse akagula mayunitsi. Msonkho wa maperesenti 6 wopititsira magetsi kumidzi umatoleredwanso pomwepo. Ogula nawo anapindula: mabilu ongoyerekeza anatha, ndipo banja limaona ndi maso momwe mbaula kapena ayironi imadyera mayunitsi. ESCOM ku Malawi, ZESCO ku Zambia ndi EDM ku Mozambique, komwe njirayi imadziwika ndi dzina la Credelec, anatsata njira yomweyi pa zifukwa zofanana.

Chinsinsi cha kufalikira kwa mamitawa n'chakuti ambiri safuna intaneti. Manambala 20 aja amanyamula uthenga wonse, ndipo mita imaumasulira yokha. Ndondomeko yake, yotchedwa STS, inayambira ku South Africa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ndipo makampani ambiri opanga mamita amaitsata, kotero kuti kampani ya magetsi simangika kwa wopanga mmodzi. Ndalama za pa foni zitafika, monga EcoCash yomwe inayamba m'chaka cha 2011, munthu anayamba kugula mayunitsi usiku ali pabedi.

Komabe chaka cha 2024 chinakumbutsa anthu kuti kabokosika kamamvera mwini wake wa kutali. Chowerengera nthawi cha m'manambalawo, chimene chinayamba kuwerenga pa 1 Januwale 1993, chinali choti chidzaze pa 24 Novembala 2024. Mita iliyonse imene sinalowetsedwe manambala apadera oikonzanso inali pa chiopsezo chokana mayunitsi atsopano. Makampani a magetsi kuyambira ku Johannesburg mpaka ku Lilongwe anathera miyezi yambiri akuchonderera ogula kuti achite zimenezi tsikulo lisanakwane.

Palinso vuto lina limene silimveka kawirikawiri. Mitengo ya ZETDC imakwera potengera kuchuluka kwa mayunitsi amene agulidwa pa mwezi, ndipo mayunitsi 50 oyambirira ndiwo otchipitsitsa. Cholinga chake n'kuteteza osauka. Koma kuwerengaku kumatengera mita, osati chiwerengero cha anthu. M'madera akale monga Makokoba, Mzilikazi ndi Thorngrove, komwe si zachilendo kupeza mabanja angapo ochita lendi pa mita imodzi, mayunitsi otchipa amatha msanga ndipo otsalawo amagulidwa pa mtengo wa anthu olemera. Mkangano wa yemwe wamaliza mayunitsi, umene kale unali wa kampani ndi mwini nyumba, tsopano uli pakati pa anansi.

Sola ya pangongole

Njira yachiwiri imene yakula mu Africa ndi sola yolipira pang'onopang'ono. Kampani ya M-KOPA, yomwe inakhazikitsidwa ku Kenya m'chaka cha 2011, inatchukitsa njirayi. Banja limapereka chikole chochepa n'kutenga sola, batire ndi nyale, kenaka limalipira tindalama tochepa pa foni. Likalephera, chipangizocho chimadzitseka chokha mpaka ndalama italowa. Likamaliza ngongole, chimatsegulidwa kotheratu.

Kwenikweni kampani zotere zimachita malonda a ngongole, ndipo loko wa m'chipangizocho ndiye chikole chawo. Zimenezi zapereka kuwala kwa mabanja amene banki sikanawayang'ana n'komwe. Ku Zambia kampani ya Fenix International inayamba malondawa m'chaka cha 2017 mogwirizana ndi MTN. Ku Malawi makampani monga Yellow ndi Zuwa Energy afika m'midzi yakutali podalira ndalama za pa foni, ndipo thumba la Ngwee Ngwee Ngwee, lomwe linachokera mu pulojekiti ya madola 150 miliyoni imene Banki Yaikulu Padziko Lonse inavomereza m'chaka cha 2019, linakhazikitsidwa kuti lizikongoza makampani oterewa.

Kufooka kwa njirayi kuli pa ndalama. Zipangizo zimagulidwa kunja ndi madola, pamene ngongole imabwezedwa m'ndalama ya m'dziko kwa chaka kapena kuposerapo. Kwacha ya Malawi itachepetsedwa mphamvu ndi maperesenti 44 mu Novembala 2023, phindu la ngongole zimene zinali zitaperekedwa kale linasungunuka. Ngakhale makampani otchuka amagwa: Mobisol ya ku Germany, yomwe inkagulitsa sola kum'mawa kwa Africa, inalengeza kuti yalephera kubweza ngongole zake m'chaka cha 2019 ndipo inagulidwa ndi ENGIE ya ku France. Ogula ake anachita mwayi kuti panapezeka woipitiriza. Akanapanda kupezeka, nkhani ya Revolv ikanatha kubwerezedwa m'nyumba zimene zinalibe nyale ina.

M'Zimbabwe, momwe ndalama yasinthasintha kuposa maiko onse oyandikana nawo, ngongole ya nthawi yaitali ndi yovuta kwambiri, ndipo mabanja ambiri a m'tauni amagula sola, inverter ndi batire ndi madola a pamanja. Ku Bulawayo madolawo kawirikawiri amachokera kunja. Mzindawu, womwe ndi likulu la njanji za dzikolo, kale unkakoka anthu ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique kudzagwira ntchito za njanji ndi za m'mafakitale. Mafakitale ambiri atatsekedwa, ana a mzindawu, kuphatikizapo zidzukulu za matchona aja, analowera ku South Africa, komwe amadziwika ndi dzina la Chindebele lakuti injiva. Iwo ndi amene amatumiza ndalama kudzera m'makampani monga Mukuru, kapena katundu kudzera mwa onyamula katundu a pa galimoto otchedwa omalayitsha.

Apa pali msika umene malonda akunja aja sanauganizire: wolipira ali ku Johannesburg, pamene chipangizo chili m'nyumba ya makolo ake ku Thorngrove. Munthu wotere amafuna kugulira makolo mayunitsi ali kutali, kuona pa foni ngati batire yadzaza, ndiponso kudziwa ngati pakhomo pali mtendere. Kampani imene ingamumvetse ikhoza kupeza wogula wolipira m'marandi kapena m'madola. Koma kamera yoikidwa ndi mwana amene ali kunja imaonanso aliyense wokhala m'nyumbamo, kuphatikizapo antchito ndi ochita lendi amene sanafunsidwe.

Madzi ndi nkhani ina

Mkangano waukulu uli pa madzi. Makhonsolo a m'Zimbabwe akhala akusirira zimene mita yolipiriratu inachitira ZETDC, makamaka kuchokera mu Julayi 2013, pamene nduna ya maboma aang'ono ya nthawiyo, a Ignatius Chombo, inalamula makhonsolo kuti akhululuke ngongole za anthu zoyambira m'chaka cha 2009, kutangotsala masiku ochepa kuti chisankho chichitike. Lamuloli linasiya makhonsolo opanda ndalama, ndipo linaphunzitsa ena kuti wosalipira ndiye wochenjera.

Khonsolo ya Bulawayo itaganiza zoika mamita a madzi olipiriratu, mabungwe a anthu okhala mumzindawu, kuphatikizapo Bulawayo Progressive Residents Association, anatsutsa ndipo m'chaka cha 2014 anachita zionetsero. Iwo anatsamira pa gawo 77 la malamulo oyendetsera dziko a 2013, lomwe limapatsa munthu aliyense ufulu wa madzi aukhondo ndi abwino kumwa. Nkhaniyi sinathe. M'chaka cha 2025 boma linayambitsanso ndondomeko ya mamita otere, kuyambira mumzinda wa Harare, mogwirizana ndi makampani omwe si a boma. Ku Malawi, mabungwe ogawa madzi a Lilongwe ndi Blantyre anaika kale mamita olipiriratu kwa ena mwa ogula awo.

Mfundo za makhonsolo n'zomveka. Mankhwala oyeretsera madzi, magetsi opopera ndi mapaipi atsopano zimafuna ndalama, ndipo gawo lalikulu la madzi oyeretsedwa limatayika m'mapaipi akale kapena silibweretsa ndalama iliyonse. Mita yotumiza yokha chiwerengero imathetsa mabilu ongoyerekeza ndipo ikhoza kuulula paipi yodontha.

Koma madzi amasiyana ndi magetsi. Banja lopanda magetsi limaphikira nkhuni ndi kuyatsa kandulo, pamene banja lopanda madzi limapita ku chitsime chosatetezedwa, ndipo matenda amene lingatengeko sathera pa mpanda wake. Bulawayo ikudziwa bwino zimenezi. Mu Sepitembala 2012, madzi akutsekedwa maola 72 pa sabata, khonsolo inapempha anthu kuti azigejemula zimbudzi zawo pa nthawi imodzi pofuna kukankha zonyansa zimene zinkatseka mapaipi a suweji. M'chaka cha 2020, pamene madzi ankatsekedwa maola 144 pa sabata, matenda otsegula m'mimba anapha anthu osachepera 13 ku Luveve. M'chaka cha 2024 madzi ankatsekedwanso maola 120 kapena kuposerapo. Kulipiriratu madzi amene amatuluka masiku awiri okha pa sabata n'kovuta kukufotokoza kwa wogula.

Makhoti a m'chigawochi anaunikapo kale nkhani yotereyi. Anthu a ku Phiri, m'dera la Soweto, anasumira mzinda wa Johannesburg pa mamita a madzi olipiriratu, ndipo khoti lalikulu linagwirizana nawo m'chaka cha 2008. Mu Okutobala 2009 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti mamitawo ndi ololedwa. Koma ku Johannesburg nyumba iliyonse inkalandira malita 6,000 aulere pa mwezi mita isanayambe kudya ndalama. Ngakhale zinali choncho, odandaulawo anasonyeza kuti pa malo pokhala anthu ambiri madzi aulerewo ankatha mwezi usanathe, vuto lomwe lija la mayunitsi 50.

Zoyenera kukhazikitsa msika usanakule

Malamulo ena alipo kale. Zimbabwe inakhazikitsa lamulo loteteza ogula m'chaka cha 2019 ndi loteteza mbiri za anthu za m'makompyuta m'chaka cha 2021, lomwe limayang'aniridwa ndi bungwe la POTRAZ. Zambia inakhazikitsa lake m'chaka cha 2021, ndipo Malawi m'chaka cha 2024. Malamulowa adzafunika kwambiri pamene mamita olumikizidwa ku netiweki akufalikira, chifukwa mita yowerenga ola lililonse imadziwa nthawi imene nyumba ilibe munthu. Chimene chikufunika kuwonjezera ndi malamulo achindunji a kuzimitsa komweko.

Choyamba, mita ya madzi isamatseke kotheratu. Luso lomwe limaitseketsa likhozanso kuichititsa kuti izidontheza madzi okwanira kumwa, kuphika ndi ukhondo. Chachiwiri, mita ya magetsi ikhoza kukhala ndi mayunitsi ochepa a pangozi, odzabwezedwa pogula, monga zimachitikira ku Britain, makamaka chifukwa makina ogulitsira mayunitsi nawonso amasokonekera. Chachitatu, wogulitsa sola ya pangongole azinena poyera mtengo wonse poyerekeza ndi wa pamanja, ndipo lamulo limukakamize kupereka nambala yotsegulira chipangizo kotheratu ngongole ikatha kapena kampani ikatsekedwa. Chachinayi, thandizo la osauka liziwerengera mabanja okhala pa mita imodzi. Chachisanu, maboma ndi makhonsolo azigula zipangizo zotsata ndondomeko yotseguka ngati STS, kuti mzinda wonse usadzamangike kwa kampani imodzi. Ngakhale Apple, Google, Amazon ndi Samsung anavomereza mfundoyi pamene anagwirizana pa ndondomeko ya Matter, yomwe inatuluka m'chaka cha 2022.

Palibe mwa mfundozi imene ikuletsa phindu. Makampani ogawa magetsi ndi madzi ayenera kulipidwa kuti apitirize ntchito, ndipo makampani a sola sangakongoze popanda chikole. Koma kale, munthu asanadulidwe madzi kapena magetsi, pankakhala kalata, masiku odikira ndi wantchito amene ukanatha kumufotokozera kuti m'nyumba muli wodwala. Zonsezi zikulowedwa m'malo ndi malangizo olembedwa m'kachipangizo, ndipo amene amawalemba si makhansala osankhidwa ndi anthu.

Ku Thorngrove komweko kuli chipatala cha khonsolo cha matenda opatsirana, chomwe m'chaka cha 2020 chinasankhidwa kuti chizilandira odwala Covid-19. Mpopi wa banja losauka ukadzitseka wokha, ndalama imene khonsolo yapulumutsa pa mita ikhoza kukatulukira pa bedi la m'chipatala chimenechi. Makhansala a Bulawayo, pamodzi ndi anzawo a ku Lilongwe, Lusaka ndi Lichinga, ayenera kuwerengera mbali zonse ziwirizi asanasaine mgwirizano uliwonse wa mamita.